Cidole ca Nsanza

Telala akamasoka malaya, tizidutswa ta nsalu timagwa pansi pa makina. Ambiri amatisesa n'kukatitaya kudzala. Koma tizidutswa timeneti tingathe kusanduka cidole.

Ana a kumudzi sadikira cidole ca m'sitolo. Mtsikana amatola citsononkho ca cimanga, n'kucikulunga m'kansalu, n'kucibereka kumbuyo. Wina amaumba mwana wa dothi. Koma wa dothi akagwa amasweka, ndipo citsononkho cilibe manja. Cidole ca nsanza ndi cofewa. Cikagwa sicisweka. Cikada cimacapidwa. Cikang'ambika cimasokedwanso.

Kucipanga sikovuta. Amayi kapena agogo amadula nsalu ziwiri zofanana, zokhala ndi mutu, manja ndi miyendo. Amazisoka m'mbali n'kusiya kabowo. Kenaka amazitembenuza kuti msoko ubisale m'kati. Pa kabowo paja amalowetsa thonje kapena nsanza zocapa bwino, mpaka mimba itafufuma. Tsitsi ndi ulusi wakuda. Covala ndi kacidutswa ka kapulana yakale. Maso ndi bwino kuwasoka ndi ulusi. Mabatani ndi mikanda zimakongola ndithu, koma khanda lingazithothole n'kutsamwa nazo. Singano ndi lumo ndi za akuluakulu. Nchito ya mwana ndi kusankha nsalu ndi kulowetsa thonje.

Zidole zotere sizinayambe lero, ndipo si za kuno kokha. Ku London kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, dzina lake British Museum. M'menemo muli kacidole kamene kanapezeka ku Egypt. Kali ndi zaka zoposa 1500. Anakasoka ndi nsalu ya bafuta. M'mimba mwake muli nsanza ndi gumbwa, udzu wautali uja womera m'madzi. Kumutu kwake kuli kamkanda kamodzi ka buluu. Zidole zambiri za nthawi imeneyo zinawola, cifukwa nsalu siicedwa kutha. Aka kanatsala cifukwa nthaka ya ku Egypt ndi youma kwambiri.

M'caka ca 1905, kamtsikana kena kanapempha cidole ca Khirisimasi. Bambo ake, a ku Germany, anaona zidole za m'masitolo koma sizinawasangalatse. Zinali zolimba ndi zozizira. Tsono amayi ake, a Käthe Kruse, anatenga thawulo n'kuthiramo mcenga. Anamanga mfundo m'ngodya zake, zija zinakhala manja ndi miyendo. Nanga mutu? Mutu unali mbatatesi, yonga ija imalimidwa ku Angónia ndi ku Tsangano! Mwanayo anacikonda kwambiri, cifukwa cinali colemera ndi cofewa ngati khanda lenileni. Cidoleco sicinakhalitse, koma mayiwo sanaleke. Anaphunzira kusoka zina zolimba bwino. M'caka ca 1910 anazionetsa m'sitolo yaikulu ya ku Berlin, ndipo anthu ambiri anayamba kuzifuna.

Ku America kunachuka cidole cochedwa Raggedy Ann. Cili ndi tsitsi la ulusi wofiira ndi mphuno ya ngodya zitatu. Anacijambula ndi a Johnny Gruelle m'caka ca 1915, ndipo buku la nthano zake linatuluka mu 1918.

Lero pali akuluakulu amene amasonkhanitsa zidole zakale ngati zimenezi. Amafuna zosokedwa ndi manja, zokhala ndi zovala zake zoyamba. Amazikonda kwambiri za mayi wina wa ku America, a Izannah Walker, amene ankasoka zidole n'kupenta nkhope zake zaka zoposa 150 zapitazo. Cimodzi cokha cimatha kugulidwa ndi madola zikwizikwi. Koma oguza samasewera nazo. Amaziika m'kabati ya galasi kuti fumbi lisazigwire. Mwana wa kalasi yoyamba angadabwe nazo zimenezi. Cidole cosaberekedwa kumbuyo, cosaphikiridwa nsima ya dothi, n'cidole canji?

Pali cidole cina cimene mwana angapange yekha, popanda singano. Cinacokera ku Brasil, dziko limene limalankhulanso Cipwitikizi. Dzina lake ndi Abayomi. Anaciyambitsa ndi mayi Lena Martins ku Rio de Janeiro m'caka ca 1987. Cimapangidwa ndi nsalu yakuda ndi mfundo zokhazokha. Mfundo yoyamba ndi mutu. Kansalu kaciwiri kamamangidwa pansi pa mutu, ndipo mfundo za kunsonga kwake ndi manja. Za kumunsi ndi mapazi. Pomaliza cimavekedwa kansalu ka mawanga m'thupi ndi kaduku kumutu. Cilibe maso, cilibe pakamwa. Mwini wake ndiye amadziwa ngati lero cikuseka kapena cikulira.