Kuthira Manyowa m'Dziwe la Makumba ndi Chilunguni

Mlimi amene aweta makumba ndi chilunguni m'dziwe limodzi amasamala nsomba za kadyedwe kosiyana. Chilunguni chimadya masamba ofewa, monga a mbatata ndi chisoso, pamene makumba amadalira kwambiri ndere zing'onozing'ono zimene zimabiriwitsa madzi. Nderezi zimamera ndi manyowa. Choncho dziwe la madzi oyera mbee, ngakhale likondweretse maso, ndi dziwe la njala.

Komabe manyowa akapyola muyeso ndere zimachulukitsa, ndipo usiku zimamaliza mpweya wa m'madzi, mothandizana ndi madeya otsala amene akuola pansi. Nsomba zimafa m'bandakucha, mwini wake ali m'tulo.

Mlangizi aphunzitse alimi kuyeza madzi ndi mkono. Mlimi aviike mkono mpaka m'chigongono, kuya kwa masentimita pafupifupi 30. Chikhatho chikamaoneka bwino lomwe, awonjezere manyowa m'kakhola ka pangodya ya dziwe. Chikazimiririka chigongono chisanakhudze madzi, aleke manyowa, achepetse madeya, ndipo alowetse madzi atsopano. Madzi ofiira asamunyenge, pakuti amenewo ndi matope, si chonde ayi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nsomba zimadya pang'ono, motero madeya achepe ngakhale madzi akuoneka bwino.