Kusamutsa webusaiti osasowa pa Google

Mu July 2013 nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain inasamuka pa intaneti, kuchoka pa guardian.co.uk kupita pa theguardian.com, itasenza nkhani za zaka zambirimbiri. Mpaka lero ukadina linki yakale umakafikabe kwawo kwatsopanoko. Chimene chimagwira ntchito imeneyi ndi lamulo lotchedwa 301, limene limauza foni ya mlendo komanso Google kuti tsambalo lasamukiratu ndipo likupezeka pakuti.

Kusamuka kofala masiku ano n'kwa mtundu wina. Dzina la webusaiti limakhala lomwelo, koma eni ake atopa ndi WordPress, akufuna kuimanganso ndi React, imene Facebook inatulutsa mu 2013, kapena Next.js ya mu 2016. Pa misonkhano yokonzekera anthu amakangana za mitundu ndi zithunzi, za maadiresi a masamba, amene amatha kusintha pomanganso, osazitchula n'komwe. Chonsecho mbiri yonse imene tsamba lapanga kwa Google, kuphatikizapo malinki ochokera kwa ena, yamangiriridwa pa adiresi yake. Ikasintha popanda 301, mlendo amapeza uthenga wa 404 woti tsambalo kulibe, ngati kasitomala wofika pa benchi la kumsika n'kupeza mwini wake anasamuka osatsanzika. Odziwa ntchitoyi amayamba alemba adiresi iliyonse yakale n'kuipezera inzake yatsopano, imodziimodzi. Waulesi amalozetsa zonse ku tsamba loyamba, koma Google imachenjeza kuti zoterozo ikhoza kuzitenga ngati masamba osowa basi. Imalangizanso kuti ma 301 akhalepo kwa chaka chathunthu, kapena kupitirira.

Msampha wina ndi JavaScript. Webusaiti ya React ikamangidwa mwachisawawa, seva imatumiza tsamba lopanda kanthu, mawu n'kumabwera pambuyo. Kuyambira mu May 2019 Googlebot, pulogalamu ya Google yowerenga masamba, imagwiritsa ntchito bulawuza ya Chromium yatsopano nthawi zonse, kotero masamba otere imatha kuwawerenga, koma imayamba yawaika pamzere. N'chifukwa chake ambiri amasankha Next.js, imene imatha kukonzeratu tsamba pa seva.

Palinso kulakwitsa kochititsa manyazi. Pomanga, akatswiri amaika chizindikiro cha noindex kuti Google isaone ntchito yosatha. Tsiku lotsegulira, onse ali kalikiliki, amaiwala kuchichotsa, ndiye masamba amayamba kuzimiririka limodzilimodzi.

Google imaweruza webusaiti potengera mmene ikuonekera pa foni, ndipo kuyambira mu 2021 imayang'ananso miyezo ya Core Web Vitals, yomwe mwa zina imafuna kuti chinthu chachikulu pa tsamba chioneke pasanathe masekondi 2.5. Apa webusaiti yatsopano ikhoza kupambana yakale, bola asaidzaze ndi zithunzi zolemera zongomaliza bandulo ya owerenga.

Kutsika pang'ono m'masabata oyamba kumachitika ngakhale zonse zitayenda bwino. Inu eni bizinesi, musanalipire womanga ndalama yomaliza, muuzeni akuonetseni mndandanda wa ma 301, atumize sitemap (mndandanda wa masamba) yatsopano mu Search Console ya Google, ndipo mudine nokha malinki akale angapo.