Kuwawa kwa Dzanja Polemba pa Kompyuta

Mphunzitsi wa ku Nsanje amene achezera kulemba mayeso ndi malikisi a ana pa kompyuta, kawirikawiri adzuka dzanja likuwawa pamfundo. Chifukwa chake nchakuti pamfundopo pali kanjira kopapatiza, m'mene mupita mitsempha 9 yopinda zala, pamodzi ndi mtsempha wina umene zala zimvera kukhudza. Dzanja likapindika nthawi yaitali pogwira mausi, mtsempha umenewu ungathe kupanikizika. Pamenepo chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zichita dzanzi.

Alimi a thonje m'chigwa cha Shire adziwa kuti wotola ndi manja awiri satopa msanga. Momwemonso mphunzitsi agawire ntchito manja onse, napumuze mausi pogwiritsa ntchito mabatani: Ctrl ndi C kukopera mawu, Ctrl ndi V kuwaika pena, Ctrl ndi Z kubweza cholakwa, Ctrl ndi S kusunga. Koma akanikize Ctrl ndi dzanja lina, chilembo ndi linzake, osapotoza dzanja limodzi. Mfundo ikhale yowongoka, ndipo manja apumule pafupipafupi.

Dzanzi likapitirira, apite msanga kuchipatala cha pa boma, pakuti dzanja lomwelo ndilo ligwira choko m'mawa.