Paini m'munda: zofunika kuunika m'maboma a Machinga ndi Balaka

Liwonde, Mana: Chaka chilichonse, nyengo yodzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo ikamayandikira, alimi ena amafunsa alangizi a zankhalango ngati nkotheka kusandutsa gawo la munda wawo kukhala nkhalango ya paini. Chimawakopa ndi mtengo wa matabwa, umene wakhala ukukwera pamene nkhalango ya Viphya ku Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yakhala ikutha chifukwa cha moto ndi kudula kosadzalanso.

Funso loyamba ndi la malo. Paini wa mtundu wa Pinus patula, amene ali paphiri la Zomba, amakonda malo okwera kuposa mamita 1,000, ozizira ndiponso olandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka. Madera ambiri a boma la Balaka, limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, ali m'chigwa chotentha chimene chimalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 800. Mlimi wa ku Utale kapena ku Phalula akadzala patula, wataya ndalama ndi thukuta lake, chifukwa mbande zimapserera mu Okutobala. Kumeneko nimu, kesha ndi msangu ndiyo mitengo yoyenera, ndipo msangu uli ndi ubwino wakuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero chimanga chimakula bwino pansi pake.

Ku Machinga mwayi ulipo m'madera okwera oyandikana ndi mapiri a Malosa ndi Chikala. Komabe ngakhale kumeneko, mitundu yopirira kutentha monga Pinus kesiya ndi Pinus oocarpa ndiyo yofunika kuiganizira poyamba. Mbewu yodalirika imapezeka ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ofesa paini koyamba amachiiwala. Mizu ya paini imadalira tizilombo ta mtundu wa bowa tokhala m'nthaka kuti itenge chakudya, ndipo m'munda umene munali chimanga tizilomboti mulibe. Nchifukwa chake pothira dothi m'machubu kunazale, amasakanizamo dothi lotengedwa pansi pa paini wamkulu. Popanda kutero mbande zimachita chikasu ndi kupinimbira. Mbandezo zimaokeredwa mvula ikakhazikika, ndipo potalikitsa maenje mamita 3 mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mitengo 1,111.

Zaka ziwiri zoyambirira mlimi angathe kulima nyemba kapena mtedza pakati pa mizere, zimene zimathandizanso kuti munda ukhale wopalira. Pambuyo pake mthunzi umatseka ndipo mbewu sizibalanso. Kuyambira pamenepo ntchito ndi kusadzira nthambi za m'munsi kuti thabwa lisadzakhale ndi mfundo, kupatulira mitengo yofooka, ndi kulambula mozungulira munda chaka chilichonse udzu usanaume, pakuti moto wa osaka mbewa ungathe kuwononga tsiku limodzi ntchito ya zaka khumi.

Apa ndi pamene akuluakulu a m'makhonsolo ayenera kusamala. Paini amatenga zaka 20 mpaka 25 kuti afike pochekedwa matabwa. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 735,000 ku Machinga ndi oposa 438,000 ku Balaka, ndipo mabanja ambiri ali ndi minda yaing'ono imene imawadyetsa movutikira. Kulimbikitsa banja lotere kudzala paini pamunda wake wonse ndi kuliitanira njala. Malo oyenera ndi otsetsereka, amiyala kapena oguga, amene chimanga chinasiya kale kuchita bwino. Mitengo yodzalidwa m'malo otere imachepetsanso dothi lokokolokera mumtsinje wa Shire, limene limasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Nkhani ya umwini nayo siyochepa. M'midzi yambiri ya maboma awiriwa anthu amatsata chikamwini, ndipo mwamuna wokhala kwa mkazi wake amazengereza kusamalira mtengo umene sakudziwa ngati adzaudule yekha. Ndi bwino kuti mwini munda, eni mbumba ndi nyakwawa agwirizane poyera mbande zisanalowe m'nthaka. Lamulo la za nkhalango la mu 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, limazindikira kuti mtengo ndi wa amene anaudzala pamalo ake, koma nthawi yodula ndi kunyamula matabwa ikafika, mlimi ayenera kuonana ndi ofesi ya zankhalango ya m'boma lake kuti atenge zikalata zoyendera.

Mu 2016 Malawi inalonjeza kubwezeretsa chilengedwe pamahekitala 4.5 miliyoni chisanafike chaka cha 2030, ndipo gawo lalikulu la malowa ndi minda ya anthu. Malipoti a m'maboma amakonda kutchula mbande zimene zadzalidwa. Chiwerengero chimene chingathandize a DC ndi makomiti a chitukuko pokonza mapulani ndi cha mitengo imene yapulumuka chilimwe choyamba, chowerengedwa mu Novembala mvula isanagwe.