Zaka zisanu akudikira Longhorn

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2003, akatswiri olemba mapulogalamu a kompyuta anasonkhana mwaunyinji mumzinda wa Los Angeles ku America, kudzaona chinthu chimene mbiri yake inali itafala kale m'maiko ambiri. Bill Gates, mmodzi mwa anthu aŵiri amene anayambitsa kampani ya Microsoft, anaimirira pamaso pa khamulo ndi kulionetsa pulogalamu yatsopano yoyendetsa kompyuta, imene panthaŵiyo inkatchedwa Longhorn. Anthu anatuluka mumsonkhanowo mitima ili m'mwamba, akuganiza kuti chinthucho chili pafupi. Koma panadutsa zaka zitatu ndi miyezi itatu pulogalamuyo isanafike m'masitolo, ndipo pofika inali itasintha dzina, itasiyanso panjira zina mwa zimene zinalonjezedwa.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, m'pofunika kuyamba ndi ntchito ya pulogalamu yotereyi. Kompyuta ya padesiki ili ndi ziwalo zambiri: kiyibodi, sikirini, pulinta, malo osungira mafailo, ndi kachipangizo kamene kamachita masamu onse. Ziwalozi pazokha sizidziŵana. Pamafunika pulogalamu imodzi yaikulu imene imadzuka kompyuta ikangoyatsidwa, n'kumagaŵa ntchito monga amachitira kapitawo pamunda wa tiyi. Iyo ndiyo imanena kuti pulogalamu yolembera kalata igwire ntchito tsopano, yoŵerengera ndalama idikire kaye, ndipo kalata ija ipite ku pulinta. Windows, macOS ndi Linux onse ndi akapitawo a mtundu umenewu. Tsono kapitawo akasintha, wantchito aliyense amakhudzidwa, ndipo n'chifukwa chake kubwera kwa Windows yatsopano sikukhala nkhani ya akatswiri okha.

Chizoloŵezi chodikira pulogalamu ngati mkwatibwi chinakula kwambiri m'chaka cha 1995. Pa 24 Ogasiti chaka chimenecho Microsoft inatulutsa Windows 95, imene inabwera ndi batani la Start lija likupezekabe pa makompyuta mpaka lero. M'mizinda ina anthu anaima pamizere usiku kudikira kuti masitolo atsegule. Ku London kampaniyo inalipira kuti nyuzipepala ya The Times igaŵidwe kwaulere tsiku limenelo, ndipo ku New York nyumba yaitali ya Empire State inaŵalitsidwa ndi magetsi a mitundu ya Windows. Kuchokera pamenepo anthu anayamba kuona ngati Windows iliyonse yatsopano ndi chikondwerero. Pa 25 Okutobala 2001 kunatuluka Windows XP, imene inakondedwa chifukwa sinkaima wambawamba pakati pa ntchito monga zinkachitira zinzake zoyambirira. XP itangotuluka, maso onse anatembenukira kwa imene ikanailoŵa m'malo.

Dzina lakuti Longhorn lenilenilo likusonyeza kuti poyamba ntchitoyi sinali yaikulu. Ku Canada, m'chigawo cha British Columbia, kuli mapiri aŵiri oyandikana, Whistler ndi Blackcomb. Pamene XP inali kukonzedwa, antchito a Microsoft ankaitchula kuti Whistler, ndipo pulogalamu yaikulu imene ankafuna kudzapanga patsogolo anaitcha Blackcomb. Longhorn ndi dzina la malo omwera ndi kudyera amene ali m'tsinde mwa mapiriwo. Ganizo linali lakuti munthu akatsika phiri loyamba apumeko pang'ono asanakwere lachiŵiri. Koma m'kupita kwa nthaŵi, zinthu zimene zinasungidwira Blackcomb zinayamba kuthiridwa mu Longhorn, kufikira malo opumira aja anasanduka phiri paokha.

Pamsonkhano wa ku Los Angeles panalengezedwa mizati itatu. Woyamba, Avalon, unali wokhudza maonekedwe a zithunzi ndi zolemba pa sikirini. Wachiŵiri, Indigo, unali wothandiza mapulogalamu kulankhulana kudzera pa intaneti. Wachitatu, WinFS, ndiwo unakopa anthu koposa. Mpaka nthaŵi imeneyo, munthu wofuna kalata imene analemba chaka chatha ankayenera kukumbukira dzina lake ndi pamene anaiika. WinFS inalonjeza kuti kompyuta idzasunga zinthu motsata zimene zili m'kati mwake, kotero kuti mphunzitsi akanatha kufunsa makalata onse, zithunzi zonse ndi malipoti onse okhudza wophunzira mmodzi, zonse n'kubwera pamodzi.

Pamene anthu kunja anali kuŵerenga malonjezoŵa m'magazini, m'kati mwa kampani zinthu sizinali bwino. Vuto loyamba linachokera ku XP yomwe. M'mwezi wa Ogasiti 2003 kachilombo ka pakompyuta kotchedwa Blaster kanaloŵa m'makompyuta ochuluka zedi kudzera pa intaneti, ndipo m'chaka cha 2004 kanabweranso kena kotchedwa Sasser. Tizilomboti sitinkadikira kuti mwini kompyuta atsegule kalikonse. Tinkangoloŵa pa mipata imene inali m'pulogalamu. Kampani inakakamizika kuchotsa akatswiri ambiri pa ntchito ya Longhorn kuti akatseke mipatayo, ndipo zotsatira zake zinali Service Pack 2 ya XP, imene inatuluka mu Ogasiti 2004. Munthu sangamange nyumba yatsopano mwamtendere pamene denga la imene akugonamo likudontha.

Vuto lachiŵiri linali la Longhorn mwini wake. Magulu ambiri a akatswiri ankalemba zigawo zawo payekhapayekha, ndipo zigawozo zikalumikizidwa zinkakanganirana. Gulu lina linkamanga pamwamba pa ntchito ya gulu lina imene inali isanathe. Akuluakulu akale ananena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Jim Allchin, amene ankatsogolera ntchito ya Windows, anafika poona kuti pulogalamuyo singathe ngati apitiriza mmene ankachitiramo. Motero mu Ogasiti 2004 anaimika ntchitoyo n'kuyambanso, pogwiritsa ntchito maziko olimba a Windows Server 2003. M'mwezi womwewo kampani inalengeza kuti WinFS, mzati uja anthu ankauyembekezera kwambiri, sudzakhalamo. Avalon ndi Indigo zinapulumuka ndipo zinatuluka ndi maina ena, koma WinFS inathetsedwa m'chaka cha 2006 isanafike m'manja mwa anthu wamba.

Mu Julayi 2005 dzina lakuti Longhorn linasiyidwa, pulogalamuyo n'kutchedwa Windows Vista. Makampani anayamba kuilandira pa 30 Novembala 2006, ndipo anthu onse anayamba kuigula pa 30 Januwale 2007. Panali patadutsa zaka zisanu ndi miyezi itatu chitulukire XP.

Vista inali yokongola. Mawindo ake ankaoneka ngati galasi, ndipo inali ndi malo ofufuzira mafailo msanga. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. XP inkatha kuyenda pa kompyuta ya RAM ya 128 MB, pamene Vista inkafuna 512 MB kuti ingodzuka, ndi 1 GB kuti ionetse kukongola kwake konse. RAM ili ngati pamwamba pa tebulo logwirira ntchito: pakachepa, munthu amataya nthaŵi kuchotsa buku ili kuti aike lija. Makompyuta ambiri a nthaŵi imeneyo anali ndi matebulo aang'ono, ndipo Vista inkayenda pa iwo ngati ngolo yodzaza pamchenga.

Panalinso nkhani ya timapulogalamu totchedwa driver, timene timamasulira malamulo a Windows kuti pulinta kapena chipangizo china chimve. Vista inasintha kachitidwe ka timapulogalamuti, ndipo makampani ena opanga zipangizo anachedwa kukonza tatsopano. Anthu anadabwa kuona pulinta imene dzulo inkagwira ntchito ili duu. Kuwonjezera apo, pofuna kutseka njira za tizilombo tija, Vista inkafunsa chilolezo kaŵirikaŵiri munthu asanasinthe kanthu, mpaka ambiri anatopa nayo. Ku America ena anakasuma kukhoti mumzinda wa Seattle m'chaka cha 2007, kudandaula kuti makompyuta amene anagula ali ndi chizindikiro chakuti angathe kuyendetsa Vista ankangoyendetsa mtundu wake wotsika, wopanda maonekedwe a galasi aja. Chaka chomwecho kampani ya Dell inayambanso kugulitsa makompyuta ena okhala ndi XP chifukwa ogula anapempha.

Komabe si chilungamo kunena kuti zaka zisanu zija zinapita pachabe. Windows 7, imene inatuluka pa 22 Okutobala 2009 n'kulandiridwa ndi manja aŵiri, inamangidwa pa maziko a Vista omwewo. Chimene chinasintha n'chakuti mafunso otopetsa aja anachepetsedwa, makampani anali atakonza kale ma driver awo, ndipo makompyuta atsopano anali ndi RAM yokwanira. Amene anathamangira Vista mwezi woyamba ndiwo anaponda minga. Amene anadekha anadutsa njira yolambulidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma kudekha nakonso kuli ndi malire ake. Anthu ambiri anakakamira XP mpaka pa 8 Epulo 2014, tsiku limene Microsoft inaleka kuitumizira zigamba zotsekera mipata. Kompyuta yotere siizima. Imayakabe ndipo imalembabe kalata. Kungoti mpata uliwonse umene mbala zapeza pambuyo pa tsikulo umakhala wosatseka. Mu Meyi 2017 kachilombo kotchedwa WannaCry kanamanga mafailo m'makompyuta a maiko ambiri, kuphatikizapo a zipatala za boma ku Britain, ndipo kanaloŵa makamaka m'makompyuta amene sanalandire zigamba panthaŵi yake. Zinthu zinafika poipa kotero kuti kampani inatulutsa chigamba chapadera cha XP, ngakhale inali itaisiya zaka zitatu m'mbuyomo.

Mbiri imeneyi inadzibwereza m'njira ina pamene Windows 11 inatuluka pa 5 Okutobala 2021. Iyo imafuna RAM ya 4 GB, malo osungira a 64 GB, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso imakana makompyuta ambiri amene anapangidwa chisanafike chaka cha 2018. Pa 14 Okutobala 2025 nthaŵi ya chithandizo chanthaŵi zonse cha Windows 10 inatha. Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza Malaŵi, pakuti makompyuta ambiri a m'sukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono ndi amene anayamba agwira ntchito kumaiko ena. Mphunzitsi wa Computer Studies amene ali ndi makompyuta khumi otere, ndi wophunzira amene wamaliza Folomu 4 ndipo akusunga ndalama zoti agule yake yoyamba, onse aŵiri ali ndi chifukwa chofunsira mafunso asanasangalale ndi mbiri ya pulogalamu yatsopano.

Funso loyamba ndi lakuti kodi kompyuta ilipoyo ikukwanitsa zimene pulogalamu yatsopano ikufuna, ndipo yankho lake limapezeka poyerekeza manambala a RAM, malo osungira ndi chaka chimene makinawo anapangidwa. Lachiŵiri ndi lakuti kodi pulinta ndi mapulogalamu ogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku adzayendabe. Sukulu yanzeru imayesa pa kompyuta imodzi isanasinthe zonse, itakopera kaye mafailo ofunika pamalo ena. Lachitatu ndi lakuti kodi pulogalamu yakaleyo idzaleka liti kulandira zigamba, pakuti tsiku limenelo ndilo lofunika kulilemba pakhoma kuposa tsiku lotuluka yatsopano.

Kompyuta imene Windows 11 yaikana siyenera kutayidwa msanga. Pali Ubuntu, mtundu wa Linux umene unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi liwu lofanana tanthauzo ndi umunthu. Ndi yaulere, ndipo munthu angathe kuiyesa kuchokera pa fulashi asanaiike m'kompyuta. Amene amaikonza anasankha njira yosiyana ndi ya Longhorn: amatulutsa yatsopano miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo chimene sichinapse chimadikira ulendo wotsatira. Zaka ziŵiri zilizonse mu Epulo amatulutsa mtundu umene umalandira zigamba kwa zaka zisanu. Nambala yake imanena tsiku lake: 24.04 ndi ya Epulo 2024. Ili ndi zovuta zake, pakuti mapulogalamu ena olembedwera Windows sayendamo, ndipo mphunzitsi ayenera kuona ngati ikugwirizana ndi zimene silabasi ikufuna.

Jim Allchin anapuma pa ntchito pa 30 Januwale 2007, tsiku lomwelo Vista inaloŵa m'masitolo. WinFS, imene anthu anaiombera m'manja ku Los Angeles, sinatulukebe mpaka lero.