Mphika wa Mtovu (Gawo 3)

Kaundula wakale ankanena kuti miphika ya mtovu ndi inayi. M'chipinda chapansi cha labotale yathu ndinapezamo itatu. Pamalo a wachinayi panatsala bwalo loyera pasimenti, fumbi lisanaterepo n'komwe.

Nyumbayi inamangidwa m'zaka za m'ma 1970. Denga limadontha, makoma ang'ambika, ndipo kampani inagamula kuti igumulidwe, pamangidwe yatsopano. Ntchito yanga inali kuwerenga zonse zotulutsa radiyeshoni, ndilembe lipoti lopita ku Radiation Protection Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2005. Ndinaimbira abwana kunyumba kwawo ku Kabulonga.

"Bwana, mphika umodzi palibe. Wa siziyamu uja."

"Mayi, akale aja ankalemba mwachisawawa. Sainani, katapila ikubwera Lolemba."

"Sindisaina, bwana."

Anadula foni.

Ndinaponya mita ya Geiger m'chikwama n'kukwera minibasi ya ku Kabwata, kwa amalume. Amalume anagwira ntchito m'labotale imeneyi mpaka kupuma, ndipo zilembo zambiri m'kaundulamo n'zadzanja lawo. Ndiwo anandikopa kuti ndiphunzire fizikisi. Ndili kamtsikana ankandiuza kuti ndisamaganize kuti nkhani za nyukiliya n'za ku Los Alamos kokha, chifukwa yureniyamu yambiri ya bomba la ku Hiroshima mu 1945 inakumbidwa ku Shinkolobwe, m'chigawo cha Katanga, kungodutsa malire athu.

Koma tikuyenda mu Burma Road maganizo anga anali ku Goiânia, m'dziko la Brazil. Mu Seputembala 1987 anthu awiri otola zitsulo analowa m'chipatala cha khansa chosiyidwa, natenga chitsulo cholemera kukagulitsa. Mkati mwake munali siziyamu-137, ufa wowala mwabuluu usiku. Anthu anaukonda, anagawana, ena anadzola pakhungu. Anayi anamwalira, mmodzi wa iwo mwana wamkazi wa zaka 6, ndipo anthu oposa 100,000 anayezedwa. Siziyamu satha msanga: pamafunika zaka 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Wathuyo, ngakhale ndi wakale chotero, akadali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ukali wake. Ndipo mu Lusaka muno anyamata a mawilibala amagula mtovu ndi mkuwa pa sikelo, safunsa kumene wachokera.

Ndinawapeza amalume pakhonde la fulati yawo, wailesi ili pamwendo.

"Wabwera usiku bwanji, mwana wa mlongo wanga? Amako ali bwino ku Chelstone?"

"Ali bwino, amalume. Ndabwerera mphika wachinayi."

Anazimitsa wailesi. Kwa kanthawi anangoyang'ana manja awo.

"Sabata yatha ndinapitako kukatsanzikana ndi nyumba ija," anatero. "Ndinapeza lole ya ogula zitsulo pageti, akukweza mashelefu, mapaipi, chilichonse. Chitseko cha pansi chili pululu, loko anathyola. Mphika umodzi anali ataukokera kale panja. Ndinawapatsa ndalama yanga ya penshoni kuti andisiyire."

"N'kubwera nawo kuno? Pali ana pano, amalume!"

"Ndikanausiya kuti? Ndinati ndikuuze iwe Loweruka. Chivundikiro n'chomanga ndi mabawuti, suvulaza munthu ukakhala chitsekere. Bwera uone."

Tinalowa. Ndinayatsa mita tili pabalaza, ndipo inayamba kulira mwapatalipatali: tche, tche, tche. Amalume anasuntha matumba a makala m'kachipinda kosungiramo katundu. Mphika unalipo, wotuwa, chizindikiro chachikasu cha masamba atatu chikuonekabe pambali pake. Mabawuti anali mbwee pansi. Chivundikiro chinali chotsamira khoma.

Ndinaunika mkati ndi tochi ndili chapatali. Munalibe kanthu.

Amalume anagwira chitseko kuti asagwe. "Mayo ine! Ndani?"

"Ndi achimwene, agogo."

Tinatembenuka. Kamdzukulu kawo kakakazi kanali kataima m'khonde la mkati, chala chili kukamwa.

"Anatsegula dzulo ndi sipanala. Amati mtovu akagulitsa, koma kachitsulo kamkati n'kokongola, asunga."

Ndinagwada kuti ndifanane nako msinkhu, osakakhudza. "Iwe unakagwira?"

Kanapukusa mutu. "Anandikaniza."

"Achimwene ako ali kuti?"

"Agona. Akusanza kuyambira m'mawa. Dzanja lawo lafiira."

Ndinauza amalume kuti atulutse mwanayo panja, apite naye kutali ndi fulati, aimbire ambulansi ya ku UTH. Sanasunthe. Maso awo anali pa mita imene inali m'dzanja langa. Ndinali nditailozetsa kuchipinda chogona, ndipo kulira kuja sikunalinso kwapatalipatali. Kunasanduka mkokomo umodzi wosadukiza, singano itagunda kumapeto.

Kenako chogwirira cha chitseko chija chinayamba kutembenuka.