Chimangirizo cha ku Koleji: Mlandu Woweruzidwa pa Pepala

Kumadzulo kwa boma la Mchinji, kufupi ndi malire a dziko lathu ndi Zambia, kuli seminale yaikulu ya Kachebere, imene ansembe a White Fathers anaitsegula m'chaka cha 1939, boma lino likali kutchedwa Fort Manning, kuti anyamata ofuna unsembe, a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia omwe, aziphunzira pamodzi. Anthu ambiri amayesa kuti kumeneko kumangophunzitsidwa mapemphero ndi mwambo wa Misa. Koma phunziro lalikulu la pamalopo ndilo filosofi, ndipo wophunzira filosofi sapita patali ngati sadziwa kutsutsana mwadongosolo ndi kulemba chimene watsimikiza. Malemu Bishopu Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, nalemba zambiri za mpingo wa anthu wamba, anaphunzira pa Kachebere pomwepo, ndipo pambuyo pake anabwerera kudzaphunzitsa ena.

Njira yakale ya m'maseminale, yomwe ankaigwiritsa ntchito Thomas Aquinas amene anamwalira mu 1274, ndi yoyenera kuti aliyense wolowa koleji aidziwe, ngakhale amene alibe ganizo la unsembe. Mkuluyo ankayamba ndi funso. Asananene maganizo ake, ankayala poyera zifukwa za omutsutsa, osazipeputsa konse. Kenaka ankapereka yankho lake, natsiriza ndi kuyankha zifukwa zija chimodzichimodzi. Ife a kuno sitiyenera kuiyesa yachilendo njira imeneyi, pakuti ndimo mmene mlandu umayendera pa bwalo la Mfumu Mkanda kapena Mlonyeni: wodandaula alankhule, woimbidwa mlandu ayankhe, mboni zifunsidwe, ndipo mfumu, imene yakhala chete nthawi yonseyo, igamule anthu onse atamva chifukwa chake. Wolemba chimangirizo cha ku koleji ayenera kukhala zonsezi yekha, pa pepala limodzi.

Tsono vuto ndi lakuti mwana wathu, atachoka ku sekondale ya Magawa kapena ya Ludzi ndi satifiketi yabwino ya MSCE, afika ku koleji atazolowera kuloweza zimene mphunzitsi analemba pa bolodi ndi kuzibweza pa mayeso monga anazilandirira. Sindimunyoza ayi, chifukwa njira imeneyo ndiyo inamuolotsa. Koma m'chaka choyamba, m'phunziro limene ku Yunivesite ya Malawi amalitcha Language and Communication Skills, akumana ndi mphunzitsi wofuna china: osati zimene wamva zokha, koma chimene iye mwini akunena, ndi chifukwa chake tiyenera kumukhulupirira.

Tiyerekeze kuti afunsidwa ngati kuli koyenera kuti boma liziletsa kugulitsa chimanga kunja kwa dziko, monga lakhala likuchitira zaka zina. Funso limeneli mwana wa ku Mchinji alidziwa bwino koposa anzake a m'tauni, popeza waona ndi maso ake matumba akuoloka malire pa njinga m'njira za kutchire, ndipo wamva atate ake akudandaula za mtengo wa mavenda. Komabe ayamba kulemba kuti chimanga ndi chakudya chofunika kwambiri m'Malawi, napitiriza tsamba lonse kufotokoza za mvula ndi feteleza, ndipo pepala libwerera mphunzitsi atalemba m'mphepete ndi inki yofiira mawu awiri okha: "Nanga tsono?" Mawu awiriwo ndi amtengo wapatali kuposa malikisi, pakuti akumuuza kuti sananenepo kanthu kamene munthu wanzeru angakatsutse, ndipo chimene palibe angachitsutse sichifunanso kutsimikizidwa. Akadzalemba kachiwiri kuti chiletsocho chimapweteka mlimi wamng'ono koposa mmene chimathandizira wogula, chifukwa chimagwetsa mtengo pa nthawi yokolola, apo ndiye kuti waimika mfundo. Ndime iliyonse yotsatira idziwa ntchito yake, ina kubweretsa mitengo ya pa msika ndi kumene waipeza, ina kufotokoza mmene mlimi amakakamizikira kugulitsa msanga kuti alipire ngongole ndi fizi.

Pali ena amene, poopa kulakwa, amalemba kuti mbali zonse ziwiri zili ndi ubwino ndi kuipa kwake, naleka pomwepo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Kumva mbali zonse ndi udindo. Kukana kugamula ndi mantha chabe. Koma woipa koposa ndi uja amene asankha mbali yake nabisa ya mnzake, kapena kuionetsa yopusa kuti aigonjetse mosavuta. Wophunzira wathu uja ayenera kulemba moona mtima kuti chaka cha njala, chimanga chikatuluka chonse, amene alira poyamba ndi mlimi yemweyo, pogula mu Januwale pa mtengo wokwera chimene anagulitsa motchipa mu Meyi. Ndipo atavomera kulemera kwa mfundo imeneyi, ndi pamene asonyeze ngati yake ikali chiimire kapena ifunika kuichepetsa. Kawirikawiri aichepetsa, ndipo m'menemo mulibe manyazi.

Za kutchula kumene watenga mfundo sindichulutsa mawu: kutenga ndime ya munthu wina, kaya m'buku kaya pa intaneti ya pa foni, ndi kuiika pansi pa dzina lako ndi kuba, ndipo makoleji amalanga. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchuluka kwa ophunzira m'kalasi, kumene kumachititsa kuti mphunzitsi, atasenza mulu wa mapepala, angolemba nambala pamwamba osanena kanthu. Luso limeneli silikula popanda kulemba, kudzudzulidwa, ndi kulembanso. Kumene mphunzitsi sangathe kufikira aliyense, ophunzira azisinthana mapepala awiriawiri asanapereke, wina awerenge mokweza wina akumva, ndipo womverayo, pamapeto pake, anene m'chiganizo chimodzi chimene mnzake akufuna kutsimikiza. Akalephera kuchinena, pepalalo lisapite kwa mphunzitsi. Libwerere kwa mwini wake, akakhale nalonso pansi.